Chigiriki cha Apongozi

Ine ndine wa ku Dedza, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti pakamwa panga sipachita dzimbiri. Kwathu ndine Nambewe, koma kuno ku Katowo ananditembenuza kukhala NyaMbewe tsiku lomwe ndinatsika pikapu ndi mabokosi anga. Dzina la Pamela amalitchula ndi mwamuna wanga Owen yekha. Kuzizira ndinazolowera, Chitumbuka ndinayamba kuchitola pang'onopang'ono, ntchito yophunzitsa kompyuta pasekondale ndinaipeza. Chimene chinandikanika kuzolowera n'chimodzi: kukhala pabwalo limodzi ndi munthu amene sindiloledwa kulankhula naye.

Munthuyo ndi apongozi anga aamuna, Abusa Hezron Harawa, amene anapuma pa ubusa ife tisanakwatirane. Tonse timawatcha adada. Pabanja pano mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sakhala pafupi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana m'maso, sawayankha mwachindunji. Mukakumana panjira ya kumunda umapatuka n'kugwada chauko, iwo n'kudutsa akuyang'ana mapiri ngati awaona koyamba. Ukafuna kuwauza kuti tiyi wapsa umauza akazi awo, amama NyaKumwenda, ngakhale eniakewo ali pomwepo akumva zonse. Mabanja ambiri kuno anazisiya kalekale zimenezi, koma a Harawa ayi. Musaganize kuti ankandida. Nawonso ankandithawa, ati ndi ulemu umenewo. Koma kwa ine, munthu woti ndimacheza ndi mbuzi yomwe, zinkandiwawa kwambiri. Owen akati ndizolowera, ndinkangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, kenako n'kukang'ung'udzira kuseri kwa khitchini.

Adada anali ndi buku lawo. Analilemba pamanja kwa zaka zambiri, m'Chitumbuka, lophunzitsa akulu a mpingo mawu akuluakulu a chikhulupiriro. Mutu uliwonse unkamasulira liwu limodzi la Chigiriki, chinenero chimene anaphunzira kusukulu ya ubusa ali mnyamata, ndipo Chigirikicho ankachinyadira kuposa ng'ombe zawo. Osindikiza mabuku anawazungulitsa mpaka nsapato kutha. Ndiye mlembi wa mpingo anati bwanji lingoikidwa pa tsamba la mpingo la pa intaneti, akuluwo aziwerenga pa foni. Adada anavomera, koma nthawi inali itatithera kale. Matenda a shuga anali atapha diso lamanzere, ndipo dokotala wa ku Mzuzu sanabise mawu: lamanjalo likutsatira, mwina lifika mvula yoyamba, mwina ayi. Chimene adada ankafuna chinali chimodzi basi, kuliona buku lawo lonse lili pa tsambalo disolo lisanatseke.

Owen, pokhala mwana wamwamuna, anati, "Imeneyo ndi yaing'ono." Mwamuna wanga ndi mlangizi wa zaulimi. Za feteleza ndi matenda a chimanga musamufunse kawiri, koma za makompyuta, aaa, kaya. Ine sanandifunse n'komwe. Anataipa mutu woyamba, Chigirikicho n'kukachikopera kwinakwake, pa laputopu chikuoneka bwinobwino, n'kutumiza. Lamulungu titaweruka kutchalitchi akulu a mpingo anabwera kudzaona zodabwitsazo. Ine ndinali kukhitchini, ndikumvetsera. Kenako mawu a adada:

"Ichi ntchivichi?"

Paliponse pamene panayenera kukhala Chigiriki panali zizindikiro za funso zokhazokha, ?????, ndondondo ngati nyerere. Ngakhale ŵ wa Chitumbuka anasanduka funso. Mkulu wina wosadziwa kugwira pakamwa anati, "Kompyuta nayo yadabwa, Abusa, ikufunsa." Anthu anaseka. Adada sanaseke.

"Chotsa zonsezo," anauza Owen pamaso pa alendowo. "Ndipo mumve nonse. Kuyambira lero palibe mutu umene ukwere kumeneko diso langa lisanauone."

Alendo atapita Owen analowa kukhitchini nkhope ili gwa. Ndinamuuza kuti safunsa anadya phula, abweretse laputopuyo kuno. Ndisanakwatiwe ndinagwirapo ntchito ku Lilongwe pa kampani yopanga masamba a pa intaneti, ndiye matendawa ndinawadziwa nditangowaona. Tsamba la mpingolo ndi nkhalamba. Analipanga munthu wina wodzipereka amene anachoka kalekale, ndipo posunga zimene walemba limangodziwa zilembo za Chingerezi. Ukalipatsa chilembo chachilendo limameza n'kulavula funso.

"Ndiye basi, zakanika?" anafunsa Owen.

"Zakukanika iweyo," ndinatero. "Khala pansi uone."

Mankhwala ake ndi akale koma salephera. Chilembocho suchilemba ayi, umachiitana ndi dzina lake. Umayamba ndi chizindikiro cha &, kenako dzina la chilembocho, n'kutseka ndi kadontho kamchira aka ; basi. Ukalemba &alpha; tsambalo limasunga osatsamwa, poti zonsezo ndi zilembo wamba, koma foni ya wowerenga imaonetsa α. Ukalemba &pi; pamatuluka π. Ukafuna chilembo chachikulu umayamba dzinalo ndi chachikulu, &Omega; n'kutuluka Ω. Nayenso ŵ uja ali ndi lake, &wcirc;. Ukaiwala kadontho kotsekerako, kapena kuphonya chilembo chimodzi m'dzinalo, ukhoza kupeza wowerenga akuona nyansi zako zonse poyera.

"Ndiye chilembo chilichonse uzichita zimenezo?" Owen anagwira m'mutu. "Buku lonse?"

"Nanga mtedza amaswa bwanji? Si umodziumodzi?"

Ndinatsegula tchati cha zilembo za Chigiriki ndi mayina ake, n'kuyerekeza ndi zimene adada analemba pamwamba pa mutu woyamba. Ndinataipa &alpha;&gamma;&alpha;&pi;&eta; n'kutsegula mbali imene owerenga amaona. Panatuluka αγαπη, zilembo zoyera ngati zosita. Owen ananyamula laputopuyo kupita nayo pakhonde, ine n'kuima kuseri kwa chitseko, khutu lili tcheru. Kenako ndinamva mawu a adada:

"Wakonza ndani?"

"Mkamwana wanu, adada."

Kenako adada anaitana amama. "NyaKumwenda, muwauze a NyaMbewe kuti yewo chomene. Muwauzenso kuti timizere ta pamwamba pa zilembo palibe."

Ha! Kuthokoza ndi dzanja limodzi, lina likutsina. Ndinauza amama kuti akawauze kuti zilembo za timizerezo zilibe mayina, zimafuna manambala, ndipo ndikati ndizisaka nambala ya chilichonse mvula itipeza tili pa mutu wachitatu. Amama anapita, n'kubwerako akupukusa mutu. "Akuti akale analemba popanda timizere. Mupitirize."

Kagwiridwe kathu ka ntchito mukanakaona mukanaseka mpaka nthiti kuwawa. Owen amachoka m'mawa ndi njinga yamoto kuzungulira alimi, ndiye mtenga wathu anali amama. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pa katebulo kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwirako bwino. Adada ankakhala pakhonde la kumaso. Pakati pathu panali nyumba yonse, ndi amama akuizungulira ndi mapepala m'manja.

Vuto linali lakuti ine Chigiriki sindichidziwa ngakhale pang'ono. Ndinkangoyang'ana maonekedwe a chilembo papepala, n'kuchisaka pa tchati, n'kutaipa dzina lake. Tsono adada akalemba mofulumira, zilembo zina zinkafanana ngati ana a mimba imodzi. Ndikakayika ndinkazunguliza ndi pensulo, amama n'kupita nalo pepalalo kukafunsa. Nawonso amama mayina enieniwo sankawagwira, anati amawapota lilime, ndiye anazipatsa zilembozo mayina awoawo. Alpha anali kansomba. Pi anali kampando. Theta anali dzira lomanga lamba, psi anali foloko, eta anali ndodo ya agogo. Omega wamng'ono uja, ω, ankangoti, "kaja kokhalira, mukudziwa kale," n'kubisa pakamwa ndi chitenje.

"Akuti apa si kachikho ayi, ndi kakuthwa kunsi kaja."

"Nanga apa, amama?"

"Iii, mkamwana, mukanafunsira limodzi! Ine ndinakwatiwa ndi mbusa, sindinakwatiwe ndi positi ofesi."

Ankadandaula choncho koma ankapita. Adada nawo anazolowera chinenero cha akazi awo, moti ndinkawamva kumasoko akukuwa, "Yayi! Kampando kaye, kenako ndodo!" Munthu wophunzira Chigiriki kusukulu ya ubusa, akutchula mipando ndi ndodo! Mutu ukatha, amama ankanyamula laputopu ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo yodzaza, adada n'kuiyandikitsa pa diso lamanja, kuyendera mzere ndi mzere. Akati "Enya," ndiye ndinkatumiza.

Mitu inayamba kukwera. Mkulu wa mpingo wina wa ku Mwazisi anaimba foni kunena kuti wawerenga mutu wa chisomo kawiri ndipo aulalikira Lamulungu. Wina wa ku Bolero anatsutsa mfundo ina, adada n'kukondwa kwambiri, anati buku losatsutsidwa ndi losawerengedwa. Tsiku limenelo anadya bwino, anayimbanso nyimbo posamba. Ine ndinkayenda ndi mapewa m'mwamba, sindibisa. Ntchito ndinkaidziwa ndipo inkaoneka.

Koma uthenga umodzi unayamba kubwera pafupipafupi. "Akuti mukulitse zilembo." Ndinkakulitsa. Pakapita masiku, "Akuti mukulitsenso." Dzuwa la Okutobala linafika, utsi wa moto wa kutchire uli tolo m'mapiri, ndipo pa sikirini pankangokwana mawu owerengeka. Ndinasiya kupuma ndikaweruka. Ndinkangovula nsapato n'kukhala pa katebulo kaja, chakudya kudyera pomwepo. Owen anati ndidwala. Ndinamuuza kuti ndidzadwala mvula ikagwa.

Unatsala mutu umodzi, womaliza. Umenewu adada anali asanaulembe pamene tinkayamba, ndiye ankaulemba m'mawa uliwonse ine ndili kusukulu. Tsiku limene anati watha, amama anabwera nawo mapepalawo kuseri kwa nyumba, koma sanandipatse msanga. Anakhala pansi, chinthu chimene sankachita.

"Taonani nokha," anatero.

Pepala loyamba mizere inali itakwerana, wina pamwamba pa unzake, osawerengeka. Lachiwiri chimodzimodzi. Pakati pa lachitatu inki inayamba kuzilala, kenako inatheratu. Mapepala otsalawo anali oyera. Nditawapendeketsa padzuwa ndinaona timikwasa ta cholembera, mzere ndi mzere mpaka kunsi. Cholembera chinatha inki, iwo n'kumalembabe masiku onsewo osadziwa.

"Ndinaona dzana," anatero amama. "Ndinalephera kuwauza."

Mtima wanga unasweka, abale. Ndinakhala ndi mapepala oyerawo pamiyendo osadziwa poyambira. Owen atafika tinamuonetsa, ndipo ndi iye amene anapita pakhonde kukanena. Adada anamvetsera osadula mawu. Anapempha mapepalawo, anawasisita ndi zala, n'kuwabweza.

"Chitumbukacho ndikhoza kukuuza pakamwa, iwe n'kulemba," anatero. "Koma Chigiriki ndani andilembere? Mayi ako ndi nsomba zawo? Zija zinkatheka chifukwa ndinkalemba ndekha, iwo n'kumangofunsa pokayikitsa. Mutu wonse sungayende ndi mipando ndi ndodo."

"Tikhoza kusiya mutu umenewo, adada. Inayo ilipo kale."

"Nyumba yopanda denga umaitanira alendo? Mitu yonseyo ikulozera ku womalizawu. Sindifuna anthu azidzati Harawa anasiyira panjira. Mawa a NyaMbewe achotse zonse."

M'mawa mwake linali Loweruka. Owen anathawira ku alimi ake, ndipo sindimunena, nayenso zinamukulira. Amama anabwera kuseri kwa nyumba ndi uthenga umene ndinali nditaumva kale ndi makutu anga.

"Akuti muchotse."

"Ayi."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi, amama. Kawauzeni kuti ndakana."

"Ine? Uthenga umenewo sindinyamula, mwana wa eni. Zaka zonse ndakhala nawo sindinawapititsirepo mawu otero."

"Ndiye ndikaupereka ndekha."

Magazi anali atandikwera. Miyezi yonse ija, maso kuwawa, msana kuwawa, amama mawondo kutupa, ndiye tifafanize ndi batani limodzi chifukwa cha mwambo woti tisamvane? Asa! Ndinanyamula laputopu n'kuzungulira nyumba. Amama ankanditsatira akunong'ona, "Mkamwana! Mkamwana, bwererani!" Sindinabwerere. Ndinafika pakhonde, ndinagwada kumapeto pafupi ndi nsanamira, maso pansi. Ulemu ndinali nawo, musandiyese wopenga.

"Odi, adada."

"Chiuta wane!" anatero amama, manja ali kumutu.

Adada anawongoka pampando. Anatembenuzira nkhope kumbali, kumene kunamveka mawu a akazi awo. "NyaKumwenda, afunseni a NyaMbewe akufuna chiyani."

"Ndikulankhula ndi inuyo, adada," ndinatero. "Mlandu wake mudzandiweruza pambuyo, ndidzavomera. Koma bukuli sindichotsa musanamve chimene ndabwerera. Ine kompyutayi sindiijambulira nsomba kapena mipando. Siimva zimenezo. Ndimaiuza mayina a zilembo. Liwu loyamba lija ndinalemba alpha, gamma, alpha, pi, eta."

Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake. Kenako adada anatembenuza nkhope pang'onopang'ono, n'kuilozetsa kwa ine.

"Mayina amenewo mwawadziwira kuti?"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene apongozi anga anandilankhula chikwatiwire. Ndinamva kutentha m'maso, koma ndinati ayi, Nambewe, kulira ulira nthawi ina.

"Ndi amene ndimataipa tsiku lililonse, adada. Chilembo chilichonse ndimachiitana ndi dzina lake, foni n'kuchionetsa."

"Nanga nsomba zija? Mafoloko aja?"

"Ndi za amama zimenezo."

"Nanga ine ndinapita kusukulu ya ubusa?" anatero amama. "Munandituma, ndinapita. Mukanalankhulana nokha kalekale, mawondo angawa akanapola."

Adada anali ataweramira kutsogolo, manja pa mawondo. "Ndiye ndikatchula dzina, inu mulemba?"

"Ndilemba."

"Theta."

Ndinataipa &theta; n'kutsegula mbali ya owerenga. "Latuluka dzira lomanga lamba, adada."

"Xi." Amenewa anali mayeso, poti chilembo chimenechi amama ankangochitcha chopiringizika chija. Ndinataipa, n'kuwauza kuti chatuluka chokhotakhota ngati njoka yokwera mtengo. Anatchula china, ndi chinanso, mofulumira, ine zala zili pa kiyibodi osaphonya. Kenako anayamba kutchula zonse motsatana kuchokera pa alpha, mwa kanyimbo, mutu ukugwedezeka, mmene ankawaloweza ali anyamata. Atafika pa omega anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka pafupi chonchi.

"NyaKumwenda," anatero, "apatseni a NyaMbewe pokhala."

Amama analowa m'nyumba akung'ung'udza kuti zinthu zimayamba ndi mwambo, nkhuku yomasulira mkamwana iphedwe kaye, anthu amva bwanji. Anatuluka ndi mkeka. "Nkhukuyo tidzapha pambuyo," anatero okha, n'kuuyala.

Tinayamba tsiku lomwelo. Adada ankanena, ine n'kumataipa. Chitumbuka changa chikapunduka amama ankachiwongola ali pambali akusankha nyemba. Tikafika pa Chigiriki adada ankakweza chala, n'kutchula zilembo chimodzichimodzi, momveka, ngati akuitana mayina a ana m'kalasi. Mutuwo anali nawo wonse m'mutu, ndime ndi ndime, mwina chifukwa anaulemba kale kamodzi pa mapepala oyera aja. Unali wa liwu lakuti ειρηνη. Anandiuza kuti m'Chitumbuka ndi mtende, kwathu timati mtendere. Tinkakangananso, musadabwe. Ndikati chiganizo ichi chatalika, iwo ankati akulu a mpingo si ana. Ndikalimbikira ankati, "Anthu a ku Dedza inu," n'kuchidula pakati.

Zokulitsa zilembo anasiya kupempha. Ndinaziona zimenezo. Ankathira tiyi m'mbali mwa kapu, ankafufuza ndodo yawo ili pamphuno. Mitambo inayamba kusonkhana kumapiri masana aliwonse, anthu m'minda ali kalikiliki kumaliza mizere. Ine ndinkangothamangitsa zala, ndikuganiza kuti mwina kadiso kaja katsala ndi kuwala kokwana mutu umodzi.

Tinamaliza Lachinayi masana, mphepo ikununkha mvula ya kwina. Nditaika kadontho komaliza adada anatambasula manja.

"Bweretsani ndione."

Ndinatsegula mbali ya owerenga. Ndinakulitsa liwu la pamwamba mpaka chilembo chimodzi chinadzaza sikirini yonse, chachikulu ngati dzanja langa. Ndinakweza kuwala mpaka pamapeto, n'kuwaikira laputopuyo m'manja. Anaiyandikitsa mpaka mphuno kukhudza galasi. Anaipendeketsa uku, anaipendeketsa uko. Ine ndi amama tinkadikira.

"Mwayatsa?" anafunsa.

Amama anadzuka, nyemba n'kumwazika pansi, n'kulowa m'nyumba. Ndinawamva akulira kuchipinda.

"Ndayatsa, adada."

Adada anandibwezera laputopuyo mosamala, ndi manja awiri. Misozi inali ikutsika m'masaya mwanga, ndipo sindinaipukute, poti panalibe woiona.

"Ndinanena pamaso pa akulu a mpingo," anatero motsitsa. "Ndinati palibe mutu umene ukwere diso langa lisanauone. Mbusa sabweza mawu ake ngati mwana."

Apa pakamwa panga paja panafuna kuyamba. Ndinafuna kuwauza kuti akuluwo amvetsa, kuti Mulungu sawerengera zotere, kuti kuuma mutu kumeneku n'kwachabe. Koma ndinadziwa kuti munthu uyu sungamugonjetse ndi mkangano, anakangana ndi masinodi athunthu. Ndinatseka mbali ya owerenga n'kutsegula ya kuseri, kumene kuli mayina aja.

"Ndime yoyamba, adada. Epsilon, iota, rho, eta, nu, eta."

Sanandiletse. Ndinapitiriza. Ndinkawerenga chiganizo cha Chitumbuka, ndikafika pa Chigiriki n'kutchula dzina lililonse mmene ndinalitaipira. Nditakweza maso ndinaona chala chawo chikuyenda pa bondo, chikulemba chilembo chilichonse ndikachitchula. Tinadutsa ndime yachiwiri, yachitatu. Mphepo inayamba kukupiza malata. Tili cha pakati pa mutuwo chalacho chinaima.

"Imani. Mwati chiyani pamenepo?"

"Omicron, adada."

"Yayi. Ndinati omega."

Ndinayang'anitsitsa. Analidi olondola, dzanja langa linaterereka tsiku limene tinkathamanga. Ndinafafaniza &omicron; n'kulemba &omega; ndipo ndinawauza kuti ndakonza. Tinapitiriza mpaka kumapeto, osapezanso china. Nditasiya kuwerenga anafunsa, chala chili pa bondo:

"Cholakwa chija wachigwira ndani?"

"Ndinu, adada."

"Inu munachiona?"

"Ayi. Ndinachidutsa kawiri ndi maso angawa."

"Ndiye mutuwu ndauona," anatero. "Tumizani."

Ndinadina batani. Netiweki ya pakhonde ndi yaulesi, kagudumu kanazungulira mpaka ndinayamba kukatukwana chamumtima. Kenako zinapita. Ndinatsegula tsambalo pa foni yanga, mmene mkulu wa ku Mwazisi angalitsegulire, n'kuyendera kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Zatuluka zonse, adada. Buku lanu latha."

Anagwedeza mutu. Madontho oyamba anayamba kugwa pa malata, apa ndi apo, ndipo ndinati ndinyamule laputopu ndilowe nayo m'nyumba isanyowe. Nditayamba kudzuka anakweza dzanja.

"NyaMbewe. Werenganinso liwu la pamwamba lija."

"Pali cholakwika, adada?"

"Palibe, mwana wane. Ingowerengani waka."

Ndinakhalanso pamkeka, n'kuphimba laputopu ndi chitenje kumbali ya mphepo. Ndinayamba pa epsilon, pang'onopang'ono, ndipo chala chawo chinayambanso kuyenda pa bondo.